Madiploma ndi makamiseti othokozera antchito: zomwe gráfica ya ku Ulongué imatha ndi zomwe imalephera

Mwezi wa Epulo ukangolowa, magráfica (malo osindikizira) a m'chigawo cha Tete amadzaza ndi ntchito ya mtundu umodzi: makamiseti, zipewa, makapulana ndi madiploma a tsiku la antchito, pa 1 Meyi. Ku Ulongué kuli gráfica ina yaing'ono imene imagulitsa zinthuzi pamodzi ngati phukusi lothokozera antchito. Inu mumapereka mndandanda wa maina, chizindikiro cha kampani ndi tsiku la mwambo, iwo n'kukonza diploma ya aliyense, kamiseti, kapulana, kapu ya tiyi ndi chikwangwani cha pakhoma cha amene waposa anzake. Madiploma amawatha. Makamiseti a serigrafia, odindidwa ndi inki kudzera pa nsalu yosefa, amawathanso, bola muwapatse nthawi. Makapu ndi zikwangwani n'kungotaya ndalama. Koma chimene chimafooketsa phukusili kwambiri ndi mawu amene amalemba pa diploma mukawasiyira kuti asankhe okha.

Amene angapindule nayo ndi eni maloja a mbewu ndi feteleza, a zigayo, a mabomba a mafuta, masukulu, zipatala, magulu a alimi a mbatatesi a ku Tsangano, ndi mashedi a fodya amene amalemba anthu ambiri nyengo yogula ikafika. Kuchoka ku Ulongué kukafika mu mzinda wa Tete kudzera pa Mussacama ndi makilomita opitirira 200, ndipo ntchito yosindikiza siitha ndi ulendo umodzi. Pamafunika kukasiya oda, kukaona chitsanzo, kukatenga katundu, mwinanso kubwerera chifukwa dzina lalakwika. Ena amawoloka pa Calomue kukasindikitsa ku Dedza kapena ku Lilongwe, koma kumeneko Chipwitikizi chimawapunthwitsa. Mawu ngati Direcção amabwera opanda zizindikiro zake, ndipo lisiti ya ku Malawi siyenda bwino m'mabuku a kampani ya kuno. Kukhala pafupi ndi phindu lenileni la gráfica imeneyi.

Tiyambe ndi diploma, poti ndiyo imakhalitsa m'nyumba mwa wantchito kamiseti itang'ambika kale. Amasindikiza pa A4, mamilimita 210 ndi 297, ndipo ali ndi mapepala atatu. Loyamba ndi pepala wamba la magalamu 80, lomwe lija la fotokope. Limeneli likaneni ngakhale atatsitsa mtengo, chifukwa limapindika m'manja munthu asanabwerere pa mpando wake, ndipo aliyense amaona kuti bwana anaumira. Lachiwiri ndi couché yonyezimira ya magalamu 250 kapena 300, imene anyamata a pa kauntala amaikonda chifukwa mitundu imawala bwino. Vuto lake limaonekera pa tebulo la bwana: inki ya chidindo silowa m'pepala lonyezimira, imangokhala pamwamba, ndiye mukasanjikiza madiploma 30 chidindo cha yapansi chimadetsa kumbuyo kwa yapamwamba, ndipo chala chikangokhudza, chidindo chasanduka banga. Bolopeni nayonso imaterereka. Lachitatu ndi cartolina yosanyezimira ya magalamu 200 mpaka 250, yoyera kapena yotuwirako ngati mkaka. Tengani imeneyi. Imamwa inki, imaima yokha, ndipo pa chithunzi siibweza kuwala kwa foni.

Pulinta ali nazo ziwiri, ndipo mukapanda kunena amagwiritsa ntchito imene ili yomasuka nthawi imeneyo. Ya inki yamadzi imatulutsa mitundu yokongola tsiku loyamba, koma dontho limodzi la mvula kapena thukuta la m'manja limasungunula zilembo, ndipo diploma ikapachikidwa moyang'anana ndi windo, mtundu wofiira ndi wachikasu umazilala pang'onopang'ono. Ya leza imawotchera ufa wa tona papepala, madzi saisuntha. Uzani wa pa kompyuta momveka kuti mukufuna leza, ndipo muonetsetse zalembedwa pa cotação, pepala la mitengo limene amakupatsani musanaike oda. Choipa cha leza n'chakuti tona imasweka pamene pepala lapindidwa, choncho diploma isalowe mu envulopu yaing'ono.

Pa nkhani yokutira pulasitiki pali dongosolo limene gráficayi imalisokoneza ikakhala ndi changu. Kusaina ndi kudinda kuyambe, kukutira kubwere pambuyo. Zikumveka zodziwikiratu, koma phukusi lawo limabwera lokutidwa kale ngati simunanene, ndiye bwana amayamba kulimbana ndi kusaina pamwamba pa pulasitiki ndi cholembera chokhuthala, zomwe zimafufutika. Njira yabwino ndi kutenga madiploma osakuta, kukasainitsa, kuwasiya usiku wonse atayalidwa kuti chidindo chiume, kenako kuwabweza. Pulasitiki ya mamaikiloni 125 ndi yolimba bwino kuposa ya 80. Makina awo amafuna mphindi zingapo kuti atenthe, ndipo madiploma oyambirira akalowetsedwa makina asanatenthe amatuluka ndi timatuza toyera m'mphepete. Yang'anani makamaka atatu oyamba a mulu uliwonse. Ngati mukugula felemu yagalasi, musakutirenso pulasitiki, n'kulipira kawiri ntchito imodzi.

Tsopano maina. Apa ndi pamene mwambo wothokoza umasandukira chipongwe, ndipo mlandu umagawanika pakati pa gráfica ndi kampani. Kuno kwathu munthu mmodzi amakhala ndi kalembedwe kawiri ka dzina lake: mmene amalembera iye mwini m'Chichewa, ndi mmene analembera a ku kaundula pa BI, chiphaso cha unzika. Mwale amapezeka ali Muale, Chimwemwe ali Chimuemue, ndipo ny wathu amasanduka nh. Wa pa kompyuta akapatsidwa mndandanda wolembedwa pamanja amakonza maina mmene iye akuonera kuti ndi bwino, osafunsa. Musamupatse mpata umenewo. Tumizani maina otayipidwa kale, mu Excel kapena Word, ndipo musanatumize mufunse wantchito aliyense kuti akufuna dzina lake lituluke bwanji. Ife timalangiza kalembedwe ka pa BI, chifukwa ambiri amadzaphatikiza fotokope ya diploma pofunsira ntchito kwina, ndipo dzina likasiyana ndi la pa chiphaso pamabuka mafunso. Pewaninso zilembo zopotanapotana zimene amazikonda pa maina. Zambiri mwa izo zilibe ã, ç kapena ŵ, ndiye kompyuta imalowetsapo chilembo cha mtundu wina pakati pa dzina, kapena kabokosi kopanda kanthu. Chitsanzo chimene amatumiza pa WhatsApp chiwerengeni dzina ndi dzina, anthu awiri, wina akuwerenga mokweza wina akutsatira pa mndandanda. Gráficayi imasindikizanso ulere ngati kulakwitsa kuli kwawo, koma ngati munavomereza chitsanzo cholakwika mumalipira nokha, ndipo pamenepo sitingawadzudzule.

Mawu a pa diploma ndiwo nkhani yaikulu. Mu kompyuta yawo muli chitsanzo chimodzi chomwe amangosintha dzina: Diploma de Mérito, kenako mzere wonena za kudzipereka ndi khama, kenako tsiku. Mlonda, wophika, dalaivala ndi kalaliki onse amalandira mawu omwewo. Antchito si ana. Akakhala pansi amayerekeza mapepala awo, ndipo akaona kuti ndi ofanana amadziwa kuti palibe amene anakhala pansi kuganizira zomwe aliyense anachita. Diploma yotero imathera pansi pa matiresi.

Imene imapachikidwa pabalaza ndi yotchula ntchito yeniyeni. Yerekezani mawu awa: "Kwa Bambo Uje, mlonda wa usiku, chifukwa nyengo yonse yogula fodya m'shedi simunasowe belo ngakhale limodzi." Kapena awa: "Kwa Mayi Uje, a pa sikelo, chifukwa alimi sanabwerepo ndi dandaulo pa kayezedwe kanu, ndipo mwaphunzitsa anzanu awiri ntchitoyi." Mizere iwiri kapena itatu yakwana, mawu osapitirira 30, kuti zilembo zikhale zazikulu zowerengeka munthu ataima patali pang'ono. Mawuwa sangalembe ndi a gráfica, ngakhale bwana wamkulu wokhala mu ofesi. Amene amadziwa ndi kapitawo kapena shefi wa gawo, ndipo afunsidwe milungu ingapo mwambo usanafike. Gráficayi imavomera kulemba mawu osiyana pa diploma iliyonse, koma imawonjezera kamtengo pang'ono chifukwa wa pa kompyuta amatsegula iliyonse payokha. Pa phukusi lonseli, ndalama imene imagwira ntchito kwambiri ndi imeneyi.

Chilankhulo nachonso musachisiye kwa iwo. Akasankha okha amalemba Chipwitikizi chokha. Kwa wa mu ofesi palibe vuto, koma wonyamula matumba amene sukulu anailekera panjira amafuna kuti mkazi wake ndi amalume ake akamve zomwe zalembedwa popanda womasulira. Chimene chimayenda bwino ndi mutu ndi dzina la kampani m'Chipwitikizi, chifukwa chothokozera m'Chichewa, ndi mzere waung'ono wa Chipwitikizi pansi pake. A4 yogoneka imakwana zonsezi. Chichewacho lembani nokha ndipo muwaletse kusintha ngakhale chilembo chimodzi. Dziwaninso kuti diploma yothokoza siilowa m'malo mwa certificado de trabalho, imene wolemba ntchito amapereka ntchito ikatha. Ndi mapepala awiri osiyana.

Makamiseti amasindikiza m'njira zitatu, ndipo wa pa kauntala sakufotokozerani kusiyana kwake pokhapokha mutafunsa. Serigrafia ndi ija yokankha inki yokhuthala kudzera pa tela, nsalu yosefa yomangidwa pa felemu, ndipo mtundu uliwonse umafuna tela yakeyake. Chizindikiro cha mitundu inayi ndiye matela anayi, n'chifukwa chake mtengo umakwera ndi kuchuluka kwa mitundu koma umatsika makamiseti akachuluka. Kuyambira makamiseti 30 kupita m'tsogolo, ya mtundu umodzi kapena iwiri, iyi ndiyo njira yoyenera, ndipo dzanja la mnyamata amene amakoka tela pa gráficayi ndi labwino: m'mphepete mwa zilembo ndi mowongoka, mitundu siikwerana. Vinil ndi pulasitiki yopyapyala yodulidwa ndi makina n'kumatidwa ndi chitsulo chotentha madigiri 150 mpaka 160 kwa masekondi 10 kapena 15. Ndi yabwino pa makamiseti ochepa kapena polemba dzina la munthu pachifuwa. Sublimação imalowetsa mtundu mu ulusi weniweni pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 200, koma imagwira pa poliyesitala yoyera kapena yowala basi. Pa thonje imachoka pochapa koyambirira.

Chimene chimalakwika pa serigrafia yawo ndi kuumitsa. Inki ya plastisol imene amagwiritsa ntchito siuma ndi dzuwa kapena mphepo, imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 160 mpaka mkati mwake. Sabata yomaliza ya Epulo, maoda atawunjikana, amafupikitsa nthawi yowotcha. Kamiseti imaoneka bwinobwino, koma ikachapidwa kawiri zilembo zimayamba kuyoyoka ngati utoto wa khoma lonyowa. Kuyesa n'kosavuta ndipo muchite pomwepo pa kauntala. Gwirani nsalu mbali ziwiri za chilembo chachikulu n'kukoka pang'ono. Inki yopsa bwino imatambasuka ndi nsalu n'kubwerera. Yosapsa imang'aluka timing'alu, ndipo mukapaka ndi kansalu koyera konyowa imasiya mtundu. Tengani makamiseti a pansi pa katoni, osati a pamwamba okha. Pa nsalu yakuda kapena yabuluu, inki yoyera imafuna kudutsidwa kawiri. Ikadutsidwa kamodzi imaoneka yotuwa.

Vinil yawo ili ndi vuto lina. Tizilembo ting'onoting'ono, tosakwana sentimita imodzi kutalika, timayamba kutukuka m'makona, makamaka kadontho ka pa i ndi kamzere ka pa ã, mpaka dzina la kampani limasowa zilembo. Ndipo antchito ambiri amasita ndi simbi ya makala, imene kutentha kwake sikuyezedwa. Ikangodutsa pamwamba pa vinil imasungunula n'kumata ku simbi. Powagawira auzeni kuti azitembenuza kamiseti pochapa ndi posita. Akanachita bwino kuika kapepala kolangiza zimenezi m'katoni, koma saika.

Nsalu yeniyeni ya kamiseti amagula kwina, ndipo ali ndi ya thonje ya magalamu 150 ndi ya 180. Ya 150 yoyera imaonetsa zamkati, amayi saikonda, ndipo khosi lake limatambasuka msanga. Ya 180 ndiyo munthu angavale popita kutchalitchi kapena kumsika, ndipo mphatso imene munthu amavala mwa kufuna kwake ndiyo yafika pamtima. Pa chifukwa chomwecho chepetsani chizindikiro cha kampani. Kamiseti yodzaza ndi manambala a foni ndi mndandanda wa katundu kumsana ndi chikwangwani cha malonda, ndipo wovalayo amadziwa kuti akukutsatsirani ulere. Masaizi nawo ndi msampha. Ena mwa makamiseti ochokera kunja amasokedwa mochepa, L yake imafanana ndi M ya ena, ndiponso thonje limafupika likachapidwa koyamba. Pemphani chitsanzo chimodzi cha saizi iliyonse, antchito ayese, mulembe. Pa makamiseti 50 onjezani atatu kapena anayi akuluakulu, chifukwa kubwezeretsa tela pa makina kaamba ka kamiseti imodzi n'kodula.

Ganiziraninso kumene anthu anu amagwirira ntchito. Poliyesitala ya sublimação imawala bwino pa chithunzi, koma kwa wa ku Moatize kapena mu mzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndi chilango. Kwa wowotcherera zitsulo kapena wophika pamoto ndi yoopsa ndithu, chifukwa ikagwidwa ndi moto imasungunukira pakhungu. Kuno kumtunda, ku Angónia ndi ku Tsangano, vuto ndi lina: Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, ndipo mlonda wa usiku kapena wa pa bomba la mafuta angasangalale ndi jekete kuposa makamiseti atatu. Gráficayi ilibe majekete pa phukusi lake, koma mukabwera nawo anu amapeta chizindikiro ndi ulusi. Kupeta kwawo pa majekete, mapolo ndi zipewa n'kwaukhondo, ndipo ulusi suopa simbi.

Za makapulana tinene mosabisa. Kapulana yeniyeni ya kampani, yokhala ndi chizindikiro cholowa m'maluwa a nsalu yonse, imasindikizidwa ku fakitale ndipo amafuna oda yaikulu kwambiri. Gráficayi siingathe zimenezo. Chimene amachita ndi kugula makapulana a m'sitolo, a mamita pafupifupi awiri, n'kudindapo chizindikiro pakona ndi serigrafia. Nsalu yatsopano imabwera ndi mankhwala oumitsa nsalu a ku fakitale, ndipo inki ikadindidwa pamwamba pake nsalu isanachapidwe siigwira bwino. Kuwonjezera apo chizindikiro chimasochera m'maluwa. Ndi bwino kugula kapulana yabwino nokha, amayi a pantchitopo asankhe okha mtundu, n'kuipereka yopanda chidindo. Pa 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique, malo ambiri antchito amachita chomwecho ndipo palibe amadandaula kuti dzina la kampani silikuoneka.

Makapu ndi zikwangwani sitichedwapo. Makina awo osindikizira makapu satentha mofanana, chithunzi chimazilala cha kufupi ndi chogwirira. Chikwangwani chimene amati ndi cha acrílico ndi kapulasitiki ka mamilimita atatu komatidwa sitika yagolide, osati kozokotedwa, ndipo sitikayo imatukuka ikamva kutentha. Ngati muli ndi munthu amene wakwanitsa zaka 10 kapena 20 pantchito ndipo mukufuna chikwangwani chenicheni, kachipangitseni mu mzinda wa Tete kwa amene amazokota ndi leza. Apo ayi, kalipentala wa pa Ulongué pomwe akupangireni felemu yabwino ya matabwa, muikemo diploma.

Pa kalipiridwe amayenda mwadongosolo kuposa ambiri a msinkhu wawo. Amapereka cotação yolembedwa mukapempha, amafuna theka la ndalama poyamba, ndipo amalandira M-Pesa ndi e-Mola. Funsani msanga ngati mtengo ukuphatikiza msonkho wa IVA, umene panopa ndi 16 peresenti, komanso ngati fatura idzakhala ndi NUIT (nambala ya msonkho) yawo ndi yanu, kuti owerengera ndalama asadzaikane. Pa cotação palembedwe kulemera kwa pepala ndi kwa nsalu, njira yosindikizira, kuchuluka kwa mitundu, masaizi ndi tsiku lotenga. Zimene sizinalembedwe amasankha okha, ndipo amasankha zotchipa. Chizindikiro cha kampani musatumize ngati chithunzi wamba pa WhatsApp, chifukwa chimapanikizidwa n'kutuluka chamanomano m'mphepete. Chitumizeni ngati dokumenti, PDF ngati ilipo. Ngati chilipo ndi chithunzi chojambula pa khoma la loja, alipireni achijambulenso pa kompyuta, ndipo mutenge fayilo yanu mukasunge.

Nthawi ndiyo mdani wawo. Kauntala imalonjeza masiku atatu kwa aliyense, ngakhale pamene m'kati muli makatoni ofika kudenga. Magetsi akathima zonse zimaima, chifukwa jenereta yawo imayendetsa makompyuta ndi pulinta koma siikwanitsa zitsulo zotenthetsera. Za pa 1 Meyi ikani oda sabata yoyamba ya Epulo. Masukulu amene akufuna kuthokoza aphunzitsi pa 12 Okutobala ayambe pakati pa Seputembala, zipatala zokonzekera tsiku la anamwino pa 12 Meyi ziike oda pamodzi ndi za pa 1 Meyi, ndipo za kumapeto kwa chaka zilowe Novembala asanathe. Tsiku limene mumawauza likhale masiku asanu mwambo usanafike, kuti pakhale mpata wokonza dzina lolakwika.

Pali chinthu china chimene amatsatsa mwamphamvu: bolodi la Funcionário do Mês, kutanthauza wantchito wopambana wa mwezi, la malo 12 a zithunzi, lopachika pamene makasitomala amaona. Bolodilo analipanga bwino, zithunzi zimalowa ndi kutuluka mosavuta. Koma musanagule dzifunseni ngati muli ndi njira yosankhira imene mungaifotokoze pamaso pa onse. Pa malo a anthu 8 kapena 10, bolodili limatha m'njira ziwiri. Mwina amapambana ndi anthu awiri omwewo, amene ntchito yawo imaonekera kwa bwana, ndiye ena amayamba kunong'ona kuti ndi achibale kapena okondedwa a shefi, ndipo wopambanayo amayamba kusalidwa pa nkhomaliro. Kapena bwana, poopa nsanje, amangozunguliza kuti aliyense alawe, ndipo pofika mwezi wachisanu onse adziwa kuti ndi mzere chabe. Kwathu kuno alipo anthu amene safuna n'komwe kuti nkhope yawo ipachikidwe pagulu kuti yaposa anzawo, ndipo mantha amenewo si oseka nawo. Bolodi limayenda pa malo akuluakulu, pamene gawo lililonse lili ndi muyeso wake wodziwika: woyendetsa galimoto pa kasamalidwe ka galimoto ndi mafuta, wa m'nyumba yosungira katundu pa kugwirizana kwa katundu ndi mabuku, wa pa kauntala pa ndalama zosasowa. Pa malo aang'ono ndi bwino kuthokoza gulu lonse pa ntchito imene yatha, monga nyengo yogulitsa feteleza, n'kutchula mbali ya aliyense.

Fomu yawo yolembera maina ili ndi mizere ya dzina ndi udindo basi, ndipo makampani ambiri amangokopera mndandanda wa antchito okhazikika. Otsala ndi omwewo nthawi zonse: alonda, osesa, ophika, ndi a kontalakiti ya nyengo amene amasenza mabelo ndi matumba pamene ntchito yafika pachimake. Pa 1 Meyi anthuwa amaima pambali ndi zovala zawo akuonerera anzawo atavala zofanana. Ngati ndalama sizikukwana onse, chotsani makapu, chotsani chikwangwani, tsitsani mitundu ya pa kamiseti ikhale umodzi, koma aliyense alandire. Mlonda amene ali pa ntchito nthawi ya mwambo, diploma yake musaisiye pa geti. Bwana apite yekha akamupatse m'manja.

Pali zina zimene gráfica iliyonse singasindikize. Ngati malipiro achedwa, kamiseti imalandiridwa ndi mawu akuti zikomo sagula ufa, ndipo akunena zoona. Lamulo limati ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni ya antchito, kuzipita 7 peresenti ya malipiro, 4 yochokera kwa wolemba ntchito ndi 3 yodulidwa kwa wantchito, ndipo masiku ano wantchito atha kukafufuza yekha ngati ndalama zakezo zikufikadi. Amene wapeza kuti akudulidwa koma sizikufika sangaone ulemu uliwonse pa diploma. Chimodzimodzinso kudula mtengo wa kamiseti ku malipiro, kapena kupereka nsapato zotetezera ndi magolovesi ngati mphatso, chikhalirecho ndi zida zimene ntchitoyo imafuna kale. Lamulo latsopano la ntchito, Lei n.º 13/2023, limene linalowa m'malo mwa la 2007, eni makampani aliwerenge kaye asanaganize za mwambo. Zoyenera zikakhala m'malo, ndiye diploma iperekezedwe ndi kanthu kogwirika: envulopu, thumba la feteleza nyengo yodzala ikuyandikira, mpunga ndi mafuta a pa Khirisimasi, kapena tsiku lopuma lolipidwa.

Popereka, gráficayi imalongedza madiploma motsatira mndandanda umene munatumiza, zomwe zimathandiza woitana maina. Konzani mndandandawo kuti achikulire ndi okhalitsa ayambe. Woitana atchule Bambo kapena Mayi patsogolo pa dzina, awerenge chifukwa chonse mokweza m'Chichewa, ndipo bwana aimirire, apereke ndi manja awiri. Mwambo uchitike m'nthawi ya ntchito. Ukaikidwa Lamlungu kapena madzulo anthu ataweruka, mwawalanda nthawi yawo ya kumunda ndi ya kunyumba.

Potenga katundu musamalize kulipira musanatsegule katoni iliyonse, kuwerenga masaizi ndi kuyesa inki monga tafotokozera. Ngati katundu akupita kutali, ku Furancungo kapena ku Domue, mafelemu agalasi amangowaika m'katoni popanda chotchinga, ndipo pamwamba pa chapa kapena kumbuyo kwa njinga yamoto safika athunthu. Akulungeni ndi makamiseti omwewo, muwaimike chilili osati chogoneka, katoniyo ikhale pamiyendo ya munthu.